Mizere pa Khoma la a Chikhatho

Dzina loti Chikhatho anawapatsa ndi amisiri anzawo, kalekale tsitsi lawo likadali bii. Ena akamaliza kusalaza khoma amabwerera m'mbuyo, n'kupendeketsa mutu, n'kuyang'ana, basi. Iwo ankayang'ananso, koma sankachoka asanayendetse chikhatho pakhomapo kuchokera pakona kukafika pakona inzake. Anzawo ankaseka. "Kodi khomalo mukulifunsira?" Dzinalo linakakamira, moti ngakhale akazi awo akapsa mtima ankawaitana lomwelo.

Ntchito yawo inali ya m'nyumba zatsopano, zija m'kati mwake simukhala njerwa. Akalipentala amaimika mafelemu, ena n'kudzakhomerapo mabolodi a choko okutidwa ndi pepala. Amenewo akachoka, nyumba imaoneka ngati malaya a zigamba: pokumana mabolodi pali mpata, polowa msomali pali kadzenje. Apo ndi pomwe a Chikhatho ankalowera ndi ndowa ya matope oyera, mipeni yawo yotakata ndi mpukutu wa tepi ya pepala. Ankapaka matope mumpata, kumata tepi, kuikanikiza ndi mpeni kuti mpweya utuluke, n'kusiya kuti ziume. Zikauma ankapakanso motakata, kenako motakata koposa, mpaka malire a matope ndi bolodi atasowa. Pomaliza ankapala ndi sandipepa, fumbi loyera n'kulowa m'mphuno, m'makutu, m'zikope. Wopenta akadutsamo ndi penti wake, munthu sankayenera kudziwa kuti khomalo linali la zidutswa.

A Chikhatho anakulira m'kanyumba kuseri kwa malo ochekera matabwa, kumene bambo awo ankagwira ntchito. Bambowo anachita khungu mphamvu akadali nazo. Sizinabwere tsiku limodzi. Anayamba n'kugunda mafelemu a zitseko, kugwetsa makapu, kupatsa moni munthu wolakwika. Kenako anadzicheka chala pamakina n'kuuzidwa kuti akapume kunyumba. A Chikhatho, pokhala mwana woyamba, ndi amene ankawatsogolera kuchimbudzi, kometa ndi kocheza. Kulemera kwa dzanja la bambowo paphewa anakuiwala, koma sanaiwale mmene alendo ankalankhulira. Munthu ankatembenukira kwa mwana n'kufunsa kuti, "Kodi bambowa amwa tiyi?" eni ake ali pomwepo, makutu ali bwinobwino.

Sukulu anailekera panjira. Anayamba n'kutungira amisiri madzi, kenako kuwakandira matope, mpaka mkulu wina wosayankhulayankhula anawapatsa mpeni n'kuwalozera kuseri kwa chitseko, pamalo poti akalakwitsa palibe adzaone. Anakhalitsa kuseri kwa zitseko ndi m'makabati asanaloledwe kugwira khoma la pabalaza. Ataloledwa, sanabwererenso m'mbuyo.

Akazi awo anawapeza kudzera kuntchito komweko. Panali wopenta wina wamfupi, wolongolola, woti akayamba nthabwala penti ankaumira pabulashi. Mlongo wake wa wopentayo ankabwera masana kudzasiya chakudya, ndipo a Chikhatho, munthu woti sankadya masana, anayamba kumva njala. Atakwatirana, wopenta uja anasanduka mlamu, ndipo kuyambira pamenepo awiriwo ankayenda limodzi nyumba ndi nyumba: a Chikhatho patsogolo, mlamu pambuyo. Makapitawo ankadziwa kuti ukaitana mmodzi waitana onse. Ana aakazi awiri anabadwa, anakula, anakwatiwa, n'kupita kutali ndi amuna awo. M'nyumba munatsala akuluakulu okhaokha.

Pa ntchito yawoyi pali mitundu iwiri ya khoma. Lina limasiyidwa losalala. Lina amaliwaza timadontho ta matope ndi makina kuti likhale lokhakhala, kenako n'kupenta. Lokhakhala limabisa zonse: mzere, kabampu, pamene mpeni unaterereka. A Chikhatho ankalinyoza khoma lokhakhala moyo wawo wonse. Ankati ndi bulangete lofundika ulesi. Akalowa m'nyumba ya munthu n'kulipeza, ankakodola mlamu wawo. "Alamu, pansi pa zimenezi pali maliro."

Maso anayamba kuwathawa chakumbali. Pakati ankaona bwino ndithu, koma zam'mphepete zinkangozimiririka, ngati munthu wosuzumira mupaipi. Anapunthwa pandowa imene anaiika okha. Njinga inawadutsa pamphuno osaiona kumene yachokera. Mababu anayamba kukhala ndi nkhata ya utsi. Choipitsitsa n'chakuti choyera ndi choyererako zinasiya kusiyana, pomwe ntchito yawo yonse inali kusiyanitsa zimenezo. Ankadziwa chimene chikubwera, chifukwa anachionapo ali mwana. Sanauze munthu. Anagula magalasi kwa wogulitsa m'mbali mwa msewu, osathandiza. Anayamba kufika pantchito anzawo asanafike n'kuyendayenda m'zipinda kuti miyendo iloweze pamene pali masitepe ndi pamene pali zingwe zamagetsi.

Nyumba imene inawamaliza inali kumapeto kwa msewu watsopano, woti phula linali lisanafike, pakati pa nyumba zina zosatha ndi milu ya mchenga. Pabalaza pake panali potakasuka, ndipo mbali yakumadzulo inali magalasi okhaokha kuchokera pansi kufika kudenga. Mwini wake anali mayi wa imvi zoyamba kumene, wolankhula motsitsa, amene amisiri ankangomutchula kuti adona. Tsiku loyamba adonawo anabwera ndi kapitawo n'kufunsa kuti a Chikhatho ndi ati.

"Ndinaona makoma amene munakonza kwa mng'ono wanga," anatero. "Ndinauza akapitawo kuti ngati si inuyo, ndidikira."

A Chikhatho anathokoza, chipewa chili m'manja. Anatembenuza mutu wonse kuti aone magalasi aja, kenako khoma lalitali lochokera pamagalasipo kulowera m'kati. Ankadziwa chimene dzuwa lamadzulo limachita pakhoma lotero. Limabwera chopingasa, n'kukwawa pakhomapo, ndipo kabampu kochepa ngati ulusi kamatulutsa mthunzi ngati chingwe.

"Mayi," anatero, "pabalaza pano mukanaika lokhakhala. Ndi limene anthu akukonda masiku ano. Silida msanga."

Mlamu, amene ankatsegula chitini pakona, analeka kutsegula. Sanatembenuke.

Adona anamwetulira. "Ayi, bambo. Ndakhala m'nyumba za eni moyo wanga wonse, makoma okanda zigongono. Muno ndikufuna losalala, loyera, penti wake wonyezimirako pang'ono."

"Chabwino, mayi."

Masana a tsikulo mlamu sanachite nthabwala ngakhale imodzi. Anadya buledi wake akuyang'ana panja.

Anayambira kuzipinda zogona. Ntchito inkayenda, ndipo a Chikhatho anayamba kulimba mtima. Madzulo ankachoka ali ndi nkhawa ndi mzere wina, koma m'mawa akaugwira ankaupeza uli bwino. Ankati mwina matope akhazikika pouma. Ankati mwina manja akudziwa zimene maso aiwala. Kapitawo anadutsa m'zipindamo n'kugwedeza mutu. "Madala, inu ndi inu basi."

Tsiku lina mnansi wawo woyendetsa lole anawatenga m'mawa n'kuwatsitsa pamphambano, ndiye anafika msanga kuposa masiku onse. Chitseko anachipeza chotsegula. M'kati munkamveka phokoso limene ankalidziwa kuposa mawu a ana awo: mpeni ukukwecha pabolodi. Analondola phokosolo mpaka kuchipinda chakumapeto. Mlamu wawo anali pabenchi, tochi ataigunditsa kukhoma kuti kuwala kuyende chopingasa, dzanja linalo likupala mzere umene iwo anaumaliza dzulo lake. Mpeni unali wawo.

A Chikhatho anaima pakhomo. Mlamuyo atatembenuka anatsala pang'ono kugwa.

"Alamu, mwalawira."

"Mukutani ndi mpeni wanga?"

"Panali kabampu pang'ono. Ndimati ndingochotsa ndisanapake penti."

"Mwayamba liti?"

Mlamu anatsika pabenchi, n'kupukuta mpeni pabuluku, n'kuupereka chogwirira chili kutsogolo. A Chikhatho anatambasula dzanja n'kuphonya. Anagwira mpweya. Onse awiri anaona.

"Nyumba ija ya pafupi ndi thanki," mlamu anayankha motsitsa. "Ndi inzake ija. Ndi ino."

"Ndiye mwakhala mukuyenda pambuyo panga ngati wopukuta mwana? Ine n'kumayamikiridwa, inu mukuseka m'mimba?"

"Ndani akuseka? Mukundiona ndikuseka ine? Alamu, maso anu akudwala. Tiyeni kuchipatala. Ntchitoyi tizigwira awiri, inu muzipaka, ine ndiziona. Palibe adziwe."

"Wakuuzani ndani za maso anga?"

Mlamu anakanda m'mutu. "Mlongo wanga."

Madzulo ake a Chikhatho anafika kunyumba osapereka moni. Akazi awo anali kukhitchini akutsuka mbale. A Chikhatho anakhala pampando wawo, ndipo kwa nthawi yoyamba anayendetsa mutu pang'onopang'ono kuyang'ana m'nyumba mwawo momwe. Katebulo kamene kankakhala pakati kanali kukhoma. Kapeti yopindika kumapeto ija inali itachotsedwa. Nsapato zimene zinkangotayidwa pakhomo zinali m'bokosi. Kapu yawo ya madzi inali pamalo amodzimodzi pamene inakhala dzulo ndi dzana, chogwirira chitaloza kudzanja lamanja.

"Mayi," anaitana. "Munadziwa liti?"

Akazi awo anatulukira akupukuta manja. Sanafunse kuti kudziwa chiyani.

"Tsiku limene munathira tiyi patebulo n'kunena kuti kapu ndi yobooka."

"Osandifunsa bwanji?"

"Ndikanafunsa mukanayankha? Inu, Chikhatho? Ndagona nanu nyumba imodzi mpaka imvi, ndimakudziwani. Mukanati ndakutukwanani."

"Ndiye munasankha kukandiulula kwa achimwene anu."

"Ndinasankha kuti musagwe pabenchi muli nokha m'nyumba ya eni."

A Chikhatho analankhula mawu ena oipa tsiku limenelo, onena za akazi amene amafulumira kuika amuna awo m'manda. Mayiwo anabwerera kukhitchini, ndipo madzi anatuluka pampopi nthawi yaitali kuposa mbale zimene zinalipo.

Kutacha a Chikhatho anauza mlamu wawo kuti pabalaza asapondepo mpaka ataitanidwa. Mipeni anayamba kupita nayo kunyumba. Khoma lalitali lija analigwira okha, ndi ukali wa munthu amene akufuna kutsutsa dziko lonse. Ankayandikitsa nkhope mpaka mphuno kuyera. Ankapaka, n'kugwira, n'kupala, n'kupakanso. Chikhatho chinkawauza kuti pasalala, ndipo sichinkanama: kamzere kakuthwa dzanja limakapeza. Koma pali bampu lina lotakata, lokwera pang'onopang'ono ngati mimba ya munthu wokhuta, limene dzanja limadutsapo osamva kanthu. Limenelo limaoneka ndi diso lokha. Pofuna kutsimikiza ankawonjezera matope pamene panali pokwanira kale. Pena anapala mopitirira mpaka kudya pepala la bolodi, n'kusiya ubweya. Akuweruka ankakhala oyera kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato, mapewa akuyaka moto, koma mumtima akuti aona.

Atamaliza anaitana mlamu. Unali m'mawa, kunja kuli mitambo. Mlamuyo anayenda m'mbali mwa khomalo, tsaya lili pafupi ndi bolodi, diso limodzi atatsinzina. Anafika kumapeto n'kubwereranso.

"Alamu, ndisapake."

"Pakani."

"Ndipatseni lero ndi mawa lokha. Ndikonza, inu mukhale pomwepo muzindiuza."

"Ndati pakani. Inu ndinu wopenta. Za matope munazidziwira kuti?"

Kapitawo analowa nthawi yomweyo, foni ili kukhutu, n'kunena kuti adona akubwera kumapeto kwa sabata ndi anthu oyeza makatani, ndiye pabalaza pakhale patatha. Anayang'ana khomalo ali chapatali, m'kuwala kofooka kwa mitambo, n'kukweza chala chachikulu. Mlamu anayang'ana kapitawo, n'kuyang'ana a Chikhatho. Akanatha kulankhula pomwepo. Koma kulankhula kunali kuvula mwamuna wa mlongo wake pamaso pa bwana. Anatseka pakamwa n'kukatenga lola yake yopakira penti.

Adona anafika dzuwa litapendeka, kumwamba kuli mbee. A Chikhatho anali atavala malaya ochapa. Anamva galimoto ikuima, nsapato zikugogoda pasimenti, mawu a kapitawo akufotokoza za zitseko. Kenako onse analowa pabalaza, ndipo mawu anatha.

Dzuwa linali litalowera pamagalasi onse n'kugona pakhoma lalitali lija. A Chikhatho ankangoona kuyera kothobwa m'maso, kopanda malire. Anadikira kuti wina anene kanthu. Munthu woyeza makatani anatsokomola. Nsapato za adona zinayenda pang'onopang'ono kutsata khomalo, n'kuima, n'kuyendanso.

"Akapitawo," anatero adona, mawu ali pansi, "kodi mizereyi ichoka penti akauma?"

Kapitawo anatembenukira kwa a Chikhatho. "Madala! Ichi n'chiyani?"

A Chikhatho anasendera kwa mlamu wawo, amene anaima pafupi ndi chitseko. Ananong'ona. "Alamu, zikuoneka kwambiri?"

"Bolodi lililonse likuwerengeka," mlamu anayankha. "Ndi misomali yomwe."

Kapitawo anali atayamba kukalipa. Ankafunsa ngati anabwera kuntchito ataledzera, ngati anapatsa ntchitoyo munthu wina, ngati akufuna kumuchotsetsa ntchito. Anawagwira pamkono n'kuwakokera kukhoma. "Taonani apa! Apa! Simukuona?"

A Chikhatho anayang'ana kumene ankaganiza kuti chala chikuloza. Chala chinali kwina.

Adona ndi amene anazindikira poyamba. "Asiyeni," anatero. "Akapitawo, asiyeni bambowa." Anayandikira, ndipo fungo la sopo wawo linamveka pakati pa fungo la penti. A Chikhatho anadikira kuti awafunse. Koma adona anatembenukira kwa mlamu.

"Kodi bambowa maso awo ali bwino?"

Mlamu anatsegula pakamwa, koma a Chikhatho anamutsogolera.

"Ndili pano, mayi. Mundifunse ine," anatero. "Sali bwino. Khoma lanu ndaononga ndine. Uyu anandiletsa."

Anatuluka okha, dzanja likutsata felemu la chitseko, n'kukakhala pamulu wa mabolodi otsala panja. Palibe anawatsatira kwa kanthawi. M'katimo ankamva kapitawo akulonjeza kuti abweretsa anyamata ena, adona akufunsa ngati lingathekebe losalala, kapitawo akuti kutero ndiye kuyambiranso ndipo makatani achedwa. Pamapeto pake adona anavomera, mawu ali otopa. Sabata yotsatira anyamata anabwera ndi makina owazira, ndipo pabalaza ponse anapaika lokhakhala.

Mlamu nayenso ntchito inamuthera pomwepo. Kapitawo anati munthu woona cholakwika n'kupakapo penti ndi woopsa kuposa wosaona. Nkhani inayenda m'makapitawo ena mmene nkhani zimayendera, ndipo kwa miyezi mlamuyo ankangopenta mageti ndi mipanda ya anthu. Mkazi wake analeka kubwera kudzacheza. Pamaliro a wachibale wina anakhala mbali ina, n'kunena mokweza kuti pali anthu ena akamamira amakoka ndi anzawo omwe.

Kuchipatala a Chikhatho anapita ndi akazi awo, atakhala m'nyumba masiku ambiri osatuluka. Anadikira pabenchi lalitali m'khonde lonunkha mankhwala. Dokotala wamaso anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo wamng'ono. Anawathira mankhwala m'maso, kuwaunika, kuwauza kuti azidina kabatani akaona kakuwala. Anakhala nthawi yaitali osadina. Pomaliza dokotalayo anakoka mpando n'kukhala moyang'anana nawo, ndipo analankhula ndi iwo eni, osati ndi akazi awo.

"Bambo, si ng'ala. Ikanakhala ng'ala tikanachotsa. Madzi a m'diso akhala akukanikiza mtsempha woonera kwa zaka, ndipo mbali imene yafa siidzukanso. Tikupatsani mankhwala odontheza kuti titeteze kamene katsala. Kodi kwanu alipo anachitapo khungu?"

"Bambo anga."

"Ana muli nawo? Muwauze akayezetse. Akabwera msanga timatha kuimitsa."

"Ine ndikanabwera msanga?"

Dokotala anazengereza. "Mukanakhala mukuonabe bwino ndithu."

Panjira yobwerera, mubasi akazi awo anawagwira chigongono potsika, ndipo iwo sanachotse mkono. Atafika kunyumba anapempha kuti awaimbire ana onse awiri. Analankhula nawo okha, mwachidule, kuwauza kuti apite kuchipatala mwezi womwewo, asadikire. Wamkulu analira pafoni. Wamng'ono anati abwera akapeza mpata, koma mpatawo unachedwa.

M'nyumba munayenera kulowa chakudya. Akazi awo, amene anali asanagwirepo ntchito ya kwa eni chikwatiwire, anayamba kuyenda m'nyumba zatsopano kukakolopa amisiri akamaliza: kutsuka mawindo, kuchotsa fumbi m'makabati, kupala madontho a matope ndi penti amene amagwera pansi. Ankabwera madzulo msana utauma, n'kugona osadya. A Chikhatho ankakhala pakhonde tsiku lonse, kumvetsera ana a eni akupita kusukulu ndi kubwerako. Mankhwala ankadontheza mokhulupirika, koma paipi imene ankaoneramo inkapitirira kuchepa. Mipeni yawo inali m'chikwama pansi pa bedi. Mlamu atabwera tsiku lina, woonda, wopanda nthabwala, anakhala naye pakhondepo nthawi yaitali akukamba za mvula ndi za mabasi. Potsanzikana a Chikhatho analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chikwamacho.

"Tengani. Mumatha kale."

"Alamu, ine ndine wopenta."

"Tengani, musandivutitse. Wautaliwo musamausiye m'madzi, umachita dzimbiri."

Mlamu anatenga. Za pabalaza paja sanazitchule, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Nyengo yozizira itayamba, akazi awo anadwala msana moti kuwerama kunkawaliza. M'mawa wina akumanga nsapato movutika, a Chikhatho anatuluka kuchipinda atavala ovolosi yawo yakale.

"Mukupita kuti?"

"Kumene mukupita inuko. Zapansizo ndizipala ine. Inu muzichita za m'mwamba."

"Anthu akakuonani?"

"Ine sindiwaona."

Mayiwo anaseka mosafuna, koyamba m'miyezi yambiri, kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

Kuyambira pamenepo ankayenda awiri. Akafika m'nyumba, mayiwo ankawalowetsa m'chipinda, kuwaika pakona, n'kuwapatsa kachitsulo kopalira ndi chiguduli. A Chikhatho ankagwada pakatoni yopinda n'kuyamba kukwawa chobwerera m'mbuyo, mzere ndi mzere, kupala timiyala ta matope owuma amene amisiri anagwetsa. Maondo ankatupa. Amisiri ambiri anali achinyamata, obwera kumene, ndipo sankadziwa kuti mkulu wogwada pansiyo anali ndani. Ena ankadutsa osapereka moni. Ena ankawasiyira tiyi wotsala m'fulasiki.

Nyumba ina anaipeza isanathe bwino, kolowera kukadali amisiri. A Chikhatho anali pansi m'kanjira kopita kukhitchini pamene anyamata awiri anatulukira atanyamula bolodi lalitali.

"Madala, tapatukani tidutse!"

Anakwawira kumanja n'kugunda ndowa. Madzi akuda anakhavukira pansi pamene anali atangopala, n'kunyowetsa katoni ndi maondo a ovolosi. Anyamatawo anadumpha madziwo n'kupitirira, mmodzi akudandaula za nsapato zake.

Akazi awo anatsika pampando pamene ankapukuta windo, dzanja lili pamsana. Anaimika ndowa, n'kufinya chiguduli, n'kuchiika m'manja mwa amuna awo.

"Ayenderera mpaka pati?" anafunsa a Chikhatho.

"Mpaka pachitseko cha bafa. Yambirani kumanzere kwanu, asalowe pansi pa kabati."

Anayambira kumanzere.